A Katsala ndi Chitsulo cha Kumbuyo kwa Ampu

Azakhali anga andiuza kuti ndilembe mawu oti akawerengedwe kutchalitchi Lamlungu, pokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni amuna awo, a Fanuwelo Katsala. Akuti poti ine ndinalawako yunivesite. Mawu oti kulawa ndi awo, ndipo amawatchula ngati munthu wokanikiza chilonda kuti aone ngati chapola. Ndawauza kuti zoti malemu anali munthu wofatsa, wokonda Mulungu ndi anzake, akalembe alembi a mpingo. Ankolo sanali ofatsa. Anali munthu wamakani amene ankafuna chinthu chimodzi chokha, kukaikidwa kwawo ku Ntcheu pafupi ndi amayi awo. Njira anali nayo m'manja, koma anaikana. Lero ali m'manda a kuno ku Manchester, m'dothi losauma chaka chonse. Ndakhala ndikufuna kumvetsa chifukwa chake, ndipo ndi zimenezo ndilemba. Zikapanda kuwerengedwa kutchalitchi, zilibe kanthu.

Nditasiya sukulu ndinkagona m'kachipinda ka kumbuyo m'nyumba mwawo ku Gorton, dera lina la mu Manchester momwemu. Za ine zithere pomwepo. Chofunika n'chakuti masana ndinkakhala pakhomo, iwonso anali atapuma pa ntchito yawo yokankha odwala pa timabedi m'chipatala. Choncho ndinawaona kwambiri kuposa mmene ndikanafunira.

Pabalaza, pakona ya kuwindo, panali ampu, chida chokuzira mawu a gitala. Linali bokosi lakuda lolemera ngati thumba la simenti, nsalu yakumaso itasuluka, chogwirira chake chili cha lamba wa chigayo. Inapangidwa konkuno ku England m'zaka za m'ma 1960. M'kati mwake munali timababu tagalasi, mavalavu, timene timafiira tikatentha. Ampu yotere ukaiyatsa siyamba kulira pomwepo. Ankolo ankakhala pampando wawo, dzanja lili pamwamba pa bokosilo ngati mayi woyesa mwana kutentha thupi, n'kumadikira. Pakamveka kaphokoso konga ka njuchi zili kutali, m'pamene ankanyamula gitala. Ankati chinthu cholankhula chisanatenthe n'chabodza, kaya ndi wailesi, kaya ndi m'busa, kaya ndi mwana wa mlamu wawo. Womalizayo ndinali ine.

Ampuyo anaigula ali mnyamata kwa mzungu wina wa kuminda ya tiyi ku Thyolo amene ankabwerera kwawo, ndipo anaimba nayo m'mahotela a ku Blantyre zaka zambiri. Azakhali atapeza ntchito ya unamwino kuno n'kuwaitanitsa, ankolo anasiya masuti awo onse n'kunyamula ampu. Azakhali sanaiiwale nkhani imeneyi.

"Anzathu amuna awo amabwera ndi ufa, ndi usipa, ndi nyemba. Ine ndili chiimire pabwalo la ndege ndikungoona awa akukoka chimtembo cha wailesi. Chinthu cha Angelezi kubwera nacho kwa Angelezi! Kunyamula kabichi kupita naye ku Lizulu!"

"Yabwerera kwawo, aNaphiri," ankatero ankolo. "Chilichonse chimabwerera kwawo."

Kwa zaka zambiri inali ampu ya Amalawi onse. Chinkhoswe ku Leeds, ukwati ku Liverpool, maliro ku Middlesbrough, inkapita m'buti ya galimoto pamodzi ndi mapoto a mpunga. Ana obadwira kuno ankaikhalira. Zinasintha pa ukwati wina ku Liverpool. Mzungu wolumikiza mawaya m'holomo anaiona pafupi ndi tebulo la zakumwa, munthu atasanjikapo mbale ya nkhuku. Anachotsa mbaleyo, kenako anagwada pansi n'kusuzumira kumbuyo. Anafunsa ankolo ngati akudziwa chimene ali nacho. Ankolo anati akudziwa, ndi ampu. Mzunguyo ndiye anawauza kuti pali anthu a ndalama amene akulimbirana mabokosi oterewa, ena a ku Amerika, ena a ku Japan, ndipo mtengo wake ukukwera chaka ndi chaka chifukwa otsala ndi ochepa.

Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba munalowa mwambo watsopano. M'mawa uliwonse ankolo ankavala magalasi awo, n'kutsegula foni, n'kumayang'ana mitengo ngati anthu ena amayang'anira zigoli za mpira.

"Naphiri wamng'ono, tabwera uone. Ya ku Germany ija yapita. Ukudziwa pa zingati?"

"Sindikufuna kudziwa."

"Galimoto, mwana iwe. Galimoto ya matayala anayi, yoyenda. Ndipo yanga ndi yaikulu kwa imeneyo."

Ndinkanena kuti sindikufuna kudziwa, koma ndinkasuzumira. Zinkandidabwitsa. Dziko lino munthu amataya firiji yabwinobwino panjira chifukwa chitseko chakandika. Dziko lomwelo, ampu ya nsalu yong'ambika imadula kuposa yosokedwa bwino. Chipsera cha ndudu pamwamba pa bokosi amachijambula pafupi, n'kuchilemba ngati ulemu. Fumbi la m'kati salipukuta. Ndinawafunsa ankolo kuti anthu amenewa akugula chiyani kwenikweni, poti zida zatsopano zimalira mokweza ndipo mwana akhoza kuzinyamula. Anati mawu a mavalavu ali ndi mafuta, a zatsopanozi ndi ouma ngati chimanga chokazinga. Kenako anaseka n'kunena kuti zimenezo n'zoona, koma si zimene akugula. Ankati ogulawo ndi madala amene pa unyamata wawo ankangoziona pawindo la sitolo, ndiye lero ndalama azipeza zala zitauma.

Amalawi kuno ali ndi gulu losonkherana mwezi ndi mwezi, kuti wina akamwalira thupi lake likwere ndege. Wakufa amakwera ndege modula kwambiri kuposa wamoyo. Ankolo anatulukamo m'gululo. Azakhali anakalipa mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma.

"Mukamwalira ndidzakutumizani pa chiyani? Pa basi?"

"Bokosi langa ndi ili," anatero ankolo akusisita ampu. "Ndege yanga ndi iyi. Ndinainyamula kubwera nayo kuno, nayonso idzandinyamula."

Kubwereketsa anachepetsa. Akalola kuti ipite kumwambo, ankapita nayo okha, ili pampando wakutsogolo atamanga lamba, azakhali ali kumbuyo ndi mapoto. Amayi a kumpingo anayamba kuitchula kuti mkazi wamng'ono wa a Katsala.

Chinthu chimodzi chinkandivuta maso. Kumbuyo kwa ampuyo kunali chidutswa cha lata, lata lenileni la padenga, lodulidwa mokhotakhota n'kuphwatalitsidwa ndi hamala. Zina zonse ankafotokoza monyadira. Lamba wa chigayo anachokera ku Lunzu. Mawaya ena anakulunganso ndi mkulu wina wokonza mawailesi ku Ndirande. Koma ndikafunsa za latalo ankangoti ndikayang'ane ngati ketulo yawira.

Kenako mtima wawo unayamba kuvuta. Adokotala anawauza zoona, ndipo iwo anali atakankha odwala okwanira kuti amve zimene sizinanenedwe. Anaitana wogula.

Dzina lake linali Kolini, wa ku Leeds, munthu wa imvi womanga tsitsi kumbuyo. Sindinena kuti anali woipa, chifukwa sanali. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa. Anamwa tiyi wa azakhali, wa shuga wambiri uja, osakwinya nkhope. Kenako anatulutsa katochi, anagwada, n'kununkhiza ampuyo ngati munthu wogula nsomba. Anaona lamba wa chigayo, anaseka. Anaona mawaya a ku Ndirande, anati amene anakulunga ankaidziwa ntchito yake. Zonsezo anati n'zokhululukika. Atafika pa lata lija analigogoda ndi chala.

Ankalankhula Chingelezi, koma zimene ananena ndi izi. Pamalo pamenepo pankayenera kukhala chitsulo chopyapyala choyera, chachitali ngati mkono, chodindidwa nambala ya ampuyo. Nambalayo ndiyo imasonyeza chaka ndi mtundu wake. Popanda chitsulocho wogula aliyense adzati mwina ndi zidutswa za maampu atatu zongolumikiza. Anatchula mitengo iwiri. Sinditchula manambala, ndingomasulira. Popanda chitsulo, inali tikiti ya munthu wamoyo wokhala pampando. Chitsulo chikapezeka, linali bokosi, ndege, galimoto yochokera ku Lilongwe mpaka ku Ntcheu, ndi tikiti ya azakhali yoperekezera.

"Mukudziwa kumene chinapita?" anafunsa Kolini.

"Ndikudziwa," anatero ankolo.

Kolini atapita, azakhali anakhala pansi moyang'anana nawo, yunifolomu ya kuntchito isanavulidwe. "Chabwino, a Katsala. Chili kuti?"

Anafotokoza maso ali pawindo. Amayi awo, a Elube, anamwalira nthawi ya mvula ankolo ali paulendo ndi gulu lawo loimba. Uthenga unawapeza panjira, ndiye anafika kumudzi ndi zimene anali nazo, gitala ndi ampu. Kumudziko kunalibe magetsi, ampu inangokhala pakhonde ili duu. Ataika maliro anaona kuti mitanda ya matabwa ya pamanda ena inali itadyedwa ndi chiswe, moti anthu ankakangana kuti apa pagona ndani. Anabwerera kunyumba, anamasula chitsulo cha kumbuyo kwa ampu, anachitembenuza, n'kukhoma dzina la amayi awo ndi msomali ndi mwala, kabowo kamodzikamodzi. Anachimangirira ndi waya ku mwendo wa bedi lachitsulo n'kuchizika kumutu kwa mandawo.

"Sanaimvepo ikulira," anatero. "Ankati gitala ndi ntchito ya zidakwa."

Ine ndinkayembekezera kuti azakhali alira. Iwo anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye vuto lili pati? Apongozi anga zaka zonsezi agona pansi pa chivindikiro cha wailesi, si manyazi amenewo? Tiwamangire chiliza cha simenti, dzina lozokotedwa bwino. Alamu anga akapemphe kwa amfumu, alowe kumanda mwa dongosolo lake, chitsulocho achotse masana anthu akuona. Palibe anganene kuti ndi zamankhwala. Amayi apeza chiliza, inu mupeza ndege."

Ndivomereze kuti anali maganizo anzeru, ndipo ankolo nawo anavomereza. Anaimbira mlongo wawo ku Ntcheu. Patapita masabata angapo, mdzukulu wina analoledwa kulowa kumanda n'kutumiza zithunzi ziwiri pa foni. Chitsulocho chinalipo. Chinali chitachita dzimbiri m'mbali, udzu utachikuta, koma mbali ina timabowo tinkawerengeka, ELUBE, mbali inayo nambala inkaoneka bwinobwino. Ankolo anakhala akuyang'ana chithunzi choyambacho mpaka tiyi wawo anazizira. Anandiuza kuti chikafika adzachiika pa thabwa n'kusalaza dzinalo ndi hamala, kuti chipite kwa mwini wake watsopano chili choyera.

Kolini anabweranso Loweruka masana, azakhali ali kuntchito. Ankolo anamupatsa foni kuti aone nambala. Anaona nambala, anagwedeza mutu mokondwa. Kenako chala chake chinatsetsereka n'kufika pa chithunzi chinacho. Anachikulitsa. Anafunsa kuti ndi chiyani. Ankolo anamuuza mwachidule, n'kumutsimikizira kuti asadandaule, dzinalo alifafaniza.

Munthu uja anangotsala pang'ono kugwetsa foni.

"Ayi, ayi, chonde! Musachikhudze. Musachitsuke n'komwe. Dothi likhale pomwepo."

Anafotokoza mwachangu, maso akuwala ngati mavalavu. Ampu za chaka chimenecho zilipo zingapo, koma yokhala ndi nkhani yotere palibe. Inachoka ku England, inakaimba ku Africa, chitsulo chake chinakalondera manda zaka makumi atatu, n'kubwerera. Anapempha kuti asanachizule ajambule manda onse bwinobwino, ngati n'kotheka ndi achibale ataima pambali. Anati akudziwa munthu ku Amerika amene ali ndi chipinda cha magalasi chosungiramo zoterezi, ndipo ameneyo adzalipira kuposa mtengo wachiwiri uja.

"Aziimba ndani?" anafunsa ankolo.

Kolini anati zofika pamtengo umenewo kawirikawiri saziyatsa, kuopa kuti china chingapse.

"Nanga dzinalo aziwerenga ndani?"

"Iyeyo. Alendo ake. Adzaliika poonekera, ndikukulonjezani. Adzalisamala kwambiri."

Ankolo sanakalipe. Anatambasula dzanja n'kuyatsa ampu. Anaika chikhatho pamwamba pake n'kudikira. Kolini anayamba kunena china, ankolo anakweza chala chimodzi, iye anakhala chete. Tinakhala choncho atatu, tikumvetsera bokosi likutentha. Njuchi zija zitayamba kumveka, ankolo anatembenukira kwa ine n'kulankhula m'Chichewa.

"Naphiri, mpatse nsapato zake mlendoyu."

Ndinamupatsa. Ntchito zotere ndimazitha.

Azakhali atabwera n'kumva, anaponya chikwama pansi.

"Mwakana ndege chifukwa cha chithunzi? Munthu wawonjezera ndalama, inu n'kumupatsa nsapato?"

"ANaphiri, ine ndimafuna kukagona pafupi ndi amayi."

"Eya! Ndiye?"

"Ndiye ine ndizipita ku Ntcheu, iwo azipita ku Amerika? Tisemphane m'mwamba?"

"Akupita ndi chitsulo, bambo inu, si amayi anu!"

"Inu simunamuone maso ake. Chimene amagula munthu ujayu ndi amayi."

Ankolo ndi azakhali sanalankhulane masiku angapo. Ine ndinapirira mpaka ndinalephera. Ndinawauza ankolo kuti wakufa sawerenga. Ndinati afafanize dzinalo monga ananenera poyamba, agulitse kwa munthu wina amene sanaone chithunzi, nkhani ithe. Ogula si Kolini yekha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti akudikira kutentha.

"Ndinaganiza choncho," anatero. "Koma usiku wonse ndakhala ndikuona timabowo tija. Tina n'tokhota, waona? Pa zonse ndinachita ndi ampu imeneyi, chimene amayi analandirako ndi chokhacho. Ndiye ndikatenge hamala?"

Ndinati akanaganiza zimenezo asanatuluke m'gulu la maliro. Anati zoona. Sanatsutse, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kuposa akanatsutsa.

Mpaka lero sindikudziwa ngati anachita bwino. Masiku ena ndimati anali wopusa, munthu wotaya mtolo atafika pakhomo. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuyambira pamenepo foni ya m'mawa ija inatha. Mitengo inapitiriza kukwera, ndinkaiona ndekha, koma iwo sanafunsenso. Ampu inabwerera m'buti, azakhali anabwerera pampando wakutsogolo. Pa chinkhoswe china ndinaona kamwana katakhala pamwamba pake kakunyambita zala, ankolo akungokayang'ana. Chiliza cha a Elube anamangitsabe, ndi ndalama za penshoni yawo, koma analamula kuti chitsulo chija chisasunthidwe. Amisiri anachizunguliza simenti.

Ankolo anamwalira masana, m'chipatala chomwe ankagwira ntchito, mitengo itangoyamba kuphukira. Anthu anasonkha, sindiwanyoza. Amene anatuluka m'gulu samusonkhera ngati membala, koma anabwera ndi zimene akanatha, ochokera ku Liverpool ndi ku Middlesbrough komwe. Sizinafike pa ndege. Ku holo titachoka kumanda, mnyamata wina wa ku Zambia analumikiza gitala ku ampu ija kuti atsogolere nyimbo. Anayatsa, anakhudza nsambo, zii. Anayamba kugwedeza mawaya, akuti yafa. Azakhali anadzuka pakati pa amayi, chitenje chili m'chiuno, mawu atasasa.

"Isiye, mwana iwe. Dikira itenthe."

Holo yonse inadikira.

Manda a kuno nawo ndi ogula, ndipo si otchipa. Azakhali anaitana Kolini yemwe uja n'kumugulitsa ampu pa mtengo woyamba, wa tikiti ya munthu wamoyo, kuti amalize kulipira malo. Anabwera atavala malaya akuda, anapepesa, sanafunsenso za chithunzi. Ali pafupi kuinyamula, azakhali anamuimitsa. Anatenga mpeni wa kukhitchini n'kumasula chidutswa cha lata chija. Kolini anati atenge, chimenecho chilibe mtengo.

Akumanda amati mwala suikidwa mpaka dothi litakhazikika, ndiye amazika kamtanda ka thabwa. Azakhali anakhala pansi m'khitchini, miyendo atatambasula, lata lili pa thabwa lodulira anyezi, msomali m'dzanja. Ndinati ndiwathandize, anati ndichoke. Anakhoma masana onse. Munthu amene amabaya jakisoni mwana wakhanda osaphonya mtsempha, zilembo zake zinatuluka zokhota. FANUWELO. Analimangirira pa kamtanda kaja ndi waya. Patha chaka, dothi linakhazikika kalekale, ndipo sindikuwaona akufulumira za mwala.

Pakona ya kuwindo palibe chimene chinaikidwapo. Pepala la kukhoma lili ndi banga lofiirira pamene kutentha kunkakwerera, lotambalala ngati mapewa a munthu. Mpando wawo ukadayang'ana komweko, ndipo alendo akabwera amauzungulira n'kukakhala kwina. Pa kapeti pali timaenje tinayi pamene miyendo ya ampu inkaponda. Ndinawauza azakhali kuti akathira madzi otentha n'kupesa ndi burashi, kapeti imadzuka. Anati akudziwa. Loweruka lililonse amayeretsa pabalaza ponse ndi makina, pansi pa tebulo, kuseri kwa chitseko, mpaka pansi pa mpando uja. Akafika pa timaenjeto amazimitsa makina, n'kutola zinyalala ndi zala.